Boti Lochokera ku Durban: Musalisenzetse Ngolo Yodyeka ndi Dzimbiri

Mmalawi amene wagwira ntchito zaka zingapo ku Durban, makamaka wochokera m'mbali mwa nyanja monga ku Mangochi, Salima, Nkhotakota kapena Nkhata Bay, sachedwa kuliponyera diso boti. Akamadutsa ku Point kapena ku Bluff Loweruka m'mawa n'kuona maboti ang'onoang'ono akukokedwa kupita kugombe, mtima umathawira kumudzi. Boti ngati limeneli litafika ku Makanjira kapena ku Msaka lingamanyamule anthu ndi katundu, lingamaperekeze asodzi a usipa, ana n'kumapita kusukulu fizi osavuta. Maganizo amenewa ndi abwino, ndipo maboti ogwirapo kale ntchito amapezekadi ku Durban pamtengo woti banja likasonkherana lingaufike. Vuto limayamba pamene wogulitsa aloza ngolo imene botilo lakhalapo, ija ena amati thirela, n'kunena kuti, "Imeneyi ingotengani, ndakupatsani ulere." Ngolo yaulereyo ndiyo nkhani ya kabuku kano. Mfundo yanga ndi imodzi: ngolo imene siingapambane mayeso a pamsewu isanyamule boti lanu kupita ku Malawi. Mwina ikonzedwe mpaka ipatsidwe chiphaso, mwina ikwezedwe pa thiraki pamodzi ndi botilo ngati katundu, mwina isiyidwe ku Durban komweko.

Zimene mchere umachita

Ngolo ya boti imasiyana ndi ngolo yonyamula njerwa kapena mipando chifukwa imalowa m'madzi. M'magombe a KwaZulu-Natal maboti ambiri amatsitsidwira pamchenga. Ngolo imabwezedwa chambuyo mpaka matayala atamira m'mafunde, kenako imakokedwa n'kukaimikidwa padzuwa mchere uli mbuu. Mwini wosamala amaitsuka ndi madzi a pampopi tsiku lomwelo, wotanganidwa amati adzatsuka mawa. Mpweya wa Durban nawonso ndi wachinyezi, choncho ngakhale ngolo imene yangokhala kuseri kwa nyumba zaka zitatu imapitiriza kudyeka. Choopsa n'chakuti dzimbiri limayambira m'kati mwa zitsulo zamphako, mmene madzi amchere amagona, kunja penti akuoneka bwinobwino. Tengani hamala yaing'ono, mugogode chitsulo chachitali chimene chimachokera pokokera kukalowa pansi pa boti. Chitsulo chamoyo chimalira ngwee. Chodyeka chimalira ngati mwamenya mtanda wofumbwa, ndipo mumamva makoko akuyoyokera m'kati. Pamene penti watupa ngati matuza, kankhanipo sikuludiraiva. Ikalowa, chitsulocho chinatha kale, chatsala ndi maonekedwe.

Wogulitsa akamakuuzani kuti ngoloyo sinamuvutepo, mwina sakunama. Iye amaikoka kuchokera kunyumba kukafika kugombe, makilomita 10 kapena 20, pamsewu wosalala, n'kubwerera madzulo. Ulendo wanu ndi wina. Kuchokera ku Durban kukafika ku Johannesburg pamsewu wa N3 ndi makilomita pafupifupi 570. Kuchokera kumeneko kukafika ku Beitbridge pa N1 ndi oposa 500, ndipo kuwoloka Limpopo kupita ku Harare kudzera ku Masvingo ndi enanso pafupifupi 580. Mukatero mwatsala ndi Nyamapanda, Cuchamano, Changara, mlatho wa Zambezi ku Tete, Zobue, Mwanza, Blantyre, ndiyeno Liwonde ndi Mangochi. Zonse pamodzi zimayandikira makilomita 2,500. Tayala la mainchi 13 limazungulira kokwana pafupifupi 550 pa kilomita imodzi, kutanthauza kuti pofika kunyanja lazungulira koposa 1,300,000. Katayala ka mainchi 10, kamene kamapezeka pa ngolo zambiri zazing'ono, kamazungulira koposa 1,600,000. Ulendo umodzi wokhawu ukhoza kuposa mtunda wonse umene ngoloyo inayendapo chikonzedwere.

Kuzungulira konseko kumachitikira pa kachitsulo kokwanira m'chikhatho, beringi. Apa ndi pofunika kuchedwapo, chifukwa ngolo zambiri za maboti zimafera pamenepa. Ngolo ikayenda, habu imafunda. Ikangolowetsedwa m'madzi ozizira isanapole, mpweya wa m'kati umanyala n'kukoka madzi kudzera pa labala yotchinga kumbuyo. Madzi amcherewo amasakanikirana ndi girizi, ndipo ngolo ikakhala osayenda amaboola timaenje pa zitsulo zosalala zimene beringi imayendapo. Paulendo waufupi timaenjeto sitimveka. Paulendo wautali beringi imayamba kutentha, girizi amasungunuka n'kutuluka, tizitsulo ta m'kati timaphwanyika kapena kumatirirana, ndipo mapeto ake tayala limachoka lonse ndi habu yake. Woyendetsa amangomva galimoto yakokedwa mbali imodzi, n'kuona tayala lake likumupitirira. Tayala limenelo silisankha kolowera. Likhoza kukalowa pagalasi la minibasi yobwera kutsogolo, kapena pagulu la amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Kuyeza sikovuta: kwezani ngolo ndi jeke, zungulitsani tayala ndi dzanja, mumvetsere. Likamalira ngati mukupera mchenga, beringi yatha. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, muligwedeze. Likamagogoda, pali mpata wosafunika. Tsegulani kachipewa ka pakati pa habu. Girizi wooneka ngati tiyi wamkaka, kapena wofiirira ndi dzimbiri, ndi umboni wakuti madzi analowa.

Matayala nawo amanyenga maso. Poti ngolo ya boti siyenda mtunda wautali, mano a tayala amakhala akadali akuya, ndipo wogula amaganiza kuti ndi latsopano. Lamulo la South Africa limafuna mano osachepera milimita imodzi kuya kwake, koma tayala lokalamba likhoza kukwanitsa muyeso umenewu n'kuphulikabe. Labala imauma ndi dzuwa, imang'aluka m'mbali, ndipo mawaya a m'kati amachita dzimbiri. Zaka za tayala zimalembedwa pambali pake. Fufuzani malemba akuti DOT, ndipo manambala anayi omalizira akuuzani sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Mukaona 2316, tayalalo linapangidwa sabata ya 23 ya chaka cha 2016. Kwa ine, tayala lopitirira zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, limene lakhala likuwambidwa padzuwa la kugombe, lisapite paulendo umenewu. Kumbukirani kumene likupita. Musina, Beitbridge ndi Tete ndi malo otentha kwambiri, ndipo ku Tete mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, phula n'kumachita kuwotcha mapazi. Tayala lokalamba, lolemedwa, lopopedwa moperewera, limaphulikira malo ngati amenewo, kumene katayala ka mainchi 10 simungakapeze msanga.

Za masipuling'i ndi ekiselo ndinena mwachidule. Dzimbiri limalowa pakati pa zitsulo za sipuling'i n'kuzitanula, ndipo mabawuti opindika amene amamanga ekiselo amaonda. Pamsewu wosalala zimapirira. Pa zigawo za maenje zimene zimapezeka pamsewu wa ku Tete, sipuling'i yotere imathyoka, ekiselo imasuntha, tayala n'kuyamba kukhula boti. Ena amati wowotcherera adzagamba. Chigamba chimagwira pa chitsulo chamoyo. Pa chitsulo chimene chaonda ngati lata, moto wa wowotcherera umangoboola, ndipo chikagwira, pothyoka pamangosamukira pambali pa chigambacho.

Lamulo ndi mapepala

Lamulo la pamsewu la South Africa, National Road Traffic Act la chaka cha 1996, limaiona ngolo ngati galimoto payokha. Iyenera kulembetsedwa, kukhala ndi nambala yake, chiphaso chake chosatha nthawi, magetsi ofiira a kumbuyo, magetsi a mabuleki, maindiketa, ndi zonyezimira m'mbali ndi kumbuyo. Pafupi ndi pokokera pamakhala kachitsulo kolembedwa nambala ya ngolo ndi kulemera kumene imaloledwa kufika itanyamula, kumene amakulemba kuti GVM. Ngolo yopanda mabuleki imaloledwa pokhapokha GVM yake isapitirire makilogalamu 750, komanso isapitirire theka la kulemera kwa galimoto yokoka ili yopanda katundu. Tinene kuti pikapu yanu imalemera makilogalamu 1,400. Ngolo yopanda mabuleki imene mungakoke malire ake ndi 700. Boti la faiba la mamita asanu, pamodzi ndi injini ndi ngolo yomwe, kawirikawiri limapitirira pamenepo. Ndiye kuti ngoloyo ikufunika mabuleki ogwira ntchito, ndipo mabuleki a ngolo imene yakhala ikumizidwa m'madzi amchere ndiwo amayamba kufa. Woyendetsanso ayang'ane laisensi yake. Ya B imalola kukoka ngolo yosapitirira makilogalamu 750. Kupitirira apo pafunika EB.

Malamulo a mabulekiwa anthu a ku Durban safunika kuwafotokozera kwambiri. Pa 5 Sepitembala 2013 thiraki inalephera kuima potsika Field's Hill pamsewu wa M13, inakawomba maminibasi ndi galimoto ku Pinetown, ndipo anthu 24 anataya miyoyo. Inde, imeneyo inali thiraki yaikulu, boti lanu ndi laling'ono. Koma chimene chimachitika pamtsetse n'chimodzi: katundu wa kumbuyo amakankha galimoto ya kutsogolo, mabuleki amatentha, ndipo akatentha sagwira. Ulendo wopita kwathu uli ndi mitsetse yambiri. Pali kutsikira ku Pietermaritzburg musanakwere Town Hill, pali kutsika mapiri a Soutpansberg mukapitirira Louis Trichardt kulowera ku Musina, pali mapiri a ku Zobue ndi Mwanza, ndipo wolowera pa Dedza kupita ku Monkey Bay ali ndi Khwekhwerere womutsitsira ku Golomoti. Munthu akafa chifukwa cha ngolo imene mumadziwa kuti ndi yowonongeka, mlandu wake ndi wakupha munthu mosasamala, ndipo udzazengedwa m'dziko la eni, kutali ndi abale. A inshuwaransi nawonso ali ndi mpata wokana kulipira akapeza kuti ngoloyo siinali yoyenera kukhala pamsewu.

Ngolo zambiri zaulere zilibe mapepala. Mwini woyamba anasamuka, wachiwiri sanasinthe dzina, wachitatu anangomangirira nambala ya ngolo ina. Ngolo yotere ngakhale ikanakhala yolimba siingatuluke bwino pa Beitbridge, chifukwa pachipata amafuna umboni wakuti ndi yanu, ndipo ikamatuluka kosabwerera pamafunikanso kalata ya apolisi yotsimikiza kuti si yobedwa. Botilo ndi injini yake ndi katundu wotuluka m'dziko. Zimafuna kalata yogulitsirana yolembedwa bwino, yokhala ndi mayina a wogula ndi wogulitsa, mtengo, nambala ya boti ndi nambala ya injini. Zimafuna mapepala a SARS, bungwe la misonkho ku South Africa, potuluka, mapepala odutsira ku Zimbabwe ndi ku Mozambique, ndiyeno msonkho wa MRA polowa m'Malawi. Ngati botilo linali ndi ziphaso za SAMSA, bungwe loyang'anira za panyanja ku South Africa, zitengeni, zidzakuthandizani kusonyeza chiyambi chake. Funsani ejenti wovomerezeka wa pachipata musanagule, akuuzeni msonkho umene mukayembekezere. Paja safunsa anadya phula, ndipo boti logwidwa pachipata chifukwa cha mapepala limadya ndalama tsiku lililonse limene laima.

Zimene anthu amayankha

Yankho loyamba ndi lakuti, "Ndidzayenda pang'onopang'ono." Kuyenda pang'onopang'ono n'kwabwino ndipo ndikulimbikitsa, koma kumathandiza ngolo yamoyo. Sikuchepetsa kuchuluka kwa kuzungulira kwa tayala, sikubwezeretsa chitsulo chimene dzimbiri linadya, ndipo sikuyatsa magetsi amene mawaya ake anaola. Komanso pa N3, msewu wodzaza mathiraki ochokera kudoko la Durban, galimoto yokwawa pa liwiro la 50 yopanda magetsi a kumbuyo imasanduka chopinga chimene thiraki imachiona mochedwa. Yankho lachiwiri ndi lakuti, "Tidzayenda usiku, kumazizira ndipo apolisi amachepa." Limeneli ndi loopsa koposa. Usiku simungaone utsi wotuluka pa habu kapena lamba wolendewera. Pa Van Reenen, pamalire a KwaZulu-Natal ndi Free State, pamagwa nkhungu yoti simuona kutsogolo, ndipo mphepo yake imagwetsa ndi mathiraki omwe. Pakati pa Beitbridge ndi Masvingo ng'ombe ndi abulu zimayenda pamsewu usiku, ndipo mukaponda mabuleki modzidzimutsa ngolo yopanda mabuleki imapinda n'kukankhira galimoto kuthengo.

Yankho lachitatu anthu amalinena monong'ona: "Apolisi timalankhula nawo." Kupereka chiphuphu ndi mlandu m'mayiko onse anayi amene mudutsemo, ndipo mlendo wogwidwa ndi mlandu wotere amaika pachiswe ndi mapepala ake okhalira m'dziko. Koma ngakhale titasiya zimenezo, taganizirani chimene mukugula. Wapolisi wa pamsewu akaona ngolo yanu n'kulamula kuti isapitirire, amene wapulumuka ndinu. Mukamupatsa ndalama kuti atseke maso, beringi ija ikupitiriza kutentha, ndipo mwalipira kuti ngozi ikachitikire patsogolo, kumene kulibe wokuthandizani.

Yankho lachinayi ndilo lamphamvu, ndipo sindilipeputsa: "Ena anatenga ngolo zoipa kuposa iyi, anafika." N'zoona, ena amafika. Koma nkhani zimene zimamveka ndi za ofika. Iwo ndi amene amajambula boti lili pamchenga wa kwawo n'kutumiza chithunzi pa WhatsApp. Amene boti lake linagwa n'kung'ambika pamimba pafupi ndi Mutoko, kapena amene anagona masiku anayi pathengo kudikira habu, sachita kulengeza, amabwerera mwakachetechete n'kuyamba kubweza ngongole. Komanso muyeze chimene mukuika pangozi. Boti limenelo mwina ndi thukuta la zaka zinayi, ndalama za chipeleganyu cha mayi a kunyumba, ndi ng'ombe imene amalume anagulitsa kumudzi. Mwayi wofika ngakhale utakhala waukulu, chuma cha banja lonse sichiyenera kuyendera mwayi pamene njira yotsimikizika ilipo.

Chotsala ndi nkhani ya ndalama, ndipo apa ndikupempha kuti mukhale pansi ndi pepala, bambo ndi mayi pamodzi. Mbali imodzi lembani mtengo wokoka nokha: matayala atsopano atatu kapena anayi, maberingi, masipuling'i, mawaya ndi magetsi, mabuleki, mayeso ndi chiphaso, mafuta opita ndi obwerera podziwa kuti galimoto yokoka imamwa kwambiri, malipiro a pazipata za N3 zomwe zilipo zisanu, Mariannhill, Mooi River, Tugela, Wilge ndi De Hoek, enanso a pa N1, ndiyeno inshuwaransi ndi zolipira za galimoto ndi ngolo pachipata cha dziko lililonse, chakudya, ndi masiku amene simudzakhala pantchito. Mbali inayo lembani mtengo umene matransipota atatu osiyana akuuzeni wonyamulira botilo pa thiraki. Mathiraki opita ku Blantyre ndi Lilongwe amachoka ku Durban ndi ku Johannesburg kawirikawiri. Mabanja ambiri akawerengera moona mtima adzapeza kuti kusiyana kwake n'kochepa kuposa mmene amaganizira. Mukasankha thiraki, lemberanani mgwirizano, funsani ngati katundu ali ndi inshuwaransi, jambulani botilo mbali zonse lisanakwere, ndipo onetsetsani kuti lakhala pa matayala akale kapena pa matabwa, lamangidwa ndi malamba osakhula faiba. Ngolo yakaleyo ikhoza kukwera nawo ngati mukuifunadi ndipo mapepala ake alipo.

Koma dzifunseni ngati mukuifunadi. Kunyanja kwathu boti limagona pamadzi kapena limakokeredwa pamchenga ndi anthu, ndipo ngolo imatha chaka osagwira ntchito. Dzifunseninso za botilo. Maboti ambiri a ku Durban anapangidwira kudumpha mafunde ndi injini ziwiri zazikulu, ndipo petulo amene amamwa sangabwezedwe ndi usipa kapena ndi ndalama za okwera. Asodzi ambiri kwathu amagwiritsa ntchito maboti a matabwa okhomedwa konko, okhala ndi injini imodzi yapakatikati monga Yamaha Enduro, imene amakaniko a m'madoko amaidziwa ndipo zipangizo zake zimapezeka. Kwa mabanja ena nzeru ndi kugula injini yabwino yokha, imene imakwana m'pikapu kapena m'bokosi pa thiraki, boti n'kukakhometsa kumudzi. Pamenepo nkhani ya ngolo imatheratu.

Ngati mwasankha kukoka nokha

Pali ngolo zina zimene mafupa ake akadali olimba, makamaka zoviikidwa mu zinki, zokhala ndi mapepala. Yotere ikonzeni, ndipo musakonze theka. Maberingi asinthidwe mbali zonse ziwiri pamodzi ndi malabala otchinga, apakidwe girizi wosalowa madzi, ndipo munyamule habu ina yathunthu yopakidwa kale, poti kusintha habu yonse m'mbali mwa msewu n'kosavuta kuposa kugogoda beringi yopsa. Matayala akhale atsopano, olembedwa kulemera kokwanira katundu wanu, ndipo a sipeya akhale awiri. Mawaya ikani atsopano kuchokera pa pulagi mpaka kumbuyo. Chokokera chigwire mpira wa galimoto popanda kugwedera, ndipo unyolo wachitetezo umangidwe pa chitsulo cha galimoto chenicheni. Mukatha, pitani nayo kumalo ovomerezeka oyezera galimoto. Ikakanidwa, musakwiye, akuuzani chimene chikanakugwetsani. Ikapambana, iyeseni boti lili pamwamba, mupite ku Pietermaritzburg n'kubwerera, muone mmene ikuchitira pokwera ndi potsika.

Pakulongedza m'pamene ngolo yabwino imawonongedwanso. Boti lopita kumudzi limaoneka ngati dengu lalikulu lopanda kanthu, ndipo achibale ndi anansi amabwera ndi firiji, matiresi, zidebe za penti, matumba a zovala, aliyense akuti, "Achimwene, kangaka kokha mukandisiyire kwa amayi." Kukana n'kovuta, koma katundu ameneyo amalemera pa maberingi omwe aja, ndipo amapanikiza mimba ya boti pa timawilo tochepa timene lakhalapo mpaka faiba kung'aluka. Boti linapangidwa kuti lizinyamula lili pamadzi, pamene madzi amaligwira paliponse. Pangolo likhale lopanda kanthu. Thanki ya petulo ikhuthulidwe, batire ichotsedwe, ndipo chotsekera pobowo la kumbuyo chichotsedwe kuti madzi a mvula azituluka. Musaipeputse mvula. Boti la mamita asanu m'litali ndi awiri m'lifupi likavumbidwa ndi mvula ya mamilimita 30 limatunga malita pafupifupi 300, ndiwo makilogalamu 300, olemera ngati matumba asanu ndi limodzi a simenti, ndipo madziwo amathamangira uku ndi uku pokhota.

Injini ngati ingachoke, ichotseni ikwere m'galimoto, chifukwa ikalendewera kumbuyo imagwedeza thabwa limene yamangidwapo pa dzenje lililonse, komanso imapepula kutsogolo kwa ngolo. Injini imene ili ndi oyilo wake m'kati igonekedwe mbali imene buku lake likunena, apo ayi oyilo amalowa kosayenera. Kutsogolo kwa ngolo kuyenera kulemera pa mpira wokokera, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera konse. Kukapepuka, ngolo imayamba kuponya mchira uku ndi uku liwiro likakwera kapena thiraki ikakupitirirani. Zikatero musaponde mabuleki mwamphamvu ndipo musalimbane ndi chiwongolero. Chotsani phazi pa mafuta, gwirani chiwongolero chilunjike, galimoto ichepetse yokha, kenako imani musunthire boti kutsogolo. Mphuno ya boti imangidwe ndi chingwe cha winchi komanso unyolo wapadera, kumbuyo malamba awiri okokera pansi. Chilichonse chotuluka kumbuyo kupitirira masentimita 30 chimangidwe nsalu yofiira.

Panjira musapitirire liwiro la 80, ndipo muziyenda masana okha. Imani mukangoyenda makilomita 20 oyamba, mumangitsenso malamba ndi manati a matayala, chifukwa amakhwepa katundu akakhazikika. Kuyambira pamenepo, pa maola awiri aliwonse tsikani muike kuseri kwa dzanja pa habu iliyonse. Yofunda pang'ono ili bwino. Yoti simungaigwire, kapena imodzi yotentha kuposa inzake, ikukuuzani kuti muime pomwepo. Mayiko a panjira ali ndi zofuna zawo: ku Zimbabwe ngolo imafunika chizindikiro chonyezimira cha chilembo cha T, ku Mozambique galimoto yokoka ndi ngolo yake zimamatidwa chizindikiro cha buluu chokhala ndi makona atatu achikasu, ndipo muyenera kukhala ndi zikwangwani zofiira za makona atatu zochenjezera, chozimitsira moto ndi malaya onyezimira. Zimenezi zigulireni ku Durban, ndipo mufunsenso ejenti wanu ngati pali zina zimene zasintha.

Chinthu china chimene ambiri amaiwala ndi kutsuka. Ngati botilo linkayenda m'madamu monga Inanda kapena mumtsinje wa uMngeni, likhoza kunyamula timbewu, tizidutswa ta zomera ndi tinkhono m'makona a pansi ndi m'zitsulo za ngolo. Aliyense amene anaona mmene namasupuni amatsekera mtsinje wa Shire akudziwa mtengo wa chomera chachilendo m'madzi athu. Tsukani boti ndi ngolo, mutulutse madzi onse, ziume masiku angapo zisanakhudze nyanja. Likafika, musaliike pa bizinesi musanakalembetse ku dipatimenti yoona za maulendo a pamadzi, ndipo ngati ndi la usodzi mukatengenso chiphaso ku dipatimenti ya zausodzi. Majekete oyandamitsa agulireni limodzi ku Durban, poti mwera ukawomba pa nyanja ya Malawi boti laling'ono silikhala ndi ulemu.

Mawu omaliza apite kwa a kumudzi ndi kwa amayi a m'nyumba, chifukwa nthawi zambiri changu chimachokera kwa odikira. Musamukakamize mwana wanu kapena mwamuna wanu kuti boti lifike pa Khirisimasi kapena pa Eid zivute zitani. Disembala ndi nthawi ya mvula, ya mizere yaitali pa Beitbridge ndi ya ngozi zambiri pa N3. Mulekeni adikire mwezi wina, akonze ngolo kapena apeze thiraki. Ndipo inu amene mukupita kukaona boti Loweruka likudzali, nyamulani jeke, hamala yaing'ono ndi tochi, mugwade pansi muyang'ane ngoloyo musanayang'ane boti, ndipo mupemphe mapepala ake musanatulutse ndalama.